Ndinapatukira Apongozi M'chitedze

Aulutsi ndi omvera nonse, ine ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga kufupi ndi Kasakula.

Loweruka lina ndinali nditatheratu. Dzulo lake tinayenda wapansi kupita ku msonkhano wa chipani, m'mawa mwake n'kulawirira kuthirira nazale ya fodya ya apongozi. Ndinati ndikasambe padziwe la kumathithi, mwina thupi lingapepuke.

Njira yotsikira kumeneko ndi yopapatiza, uku thanthwe, uku phompho. Mathithi ndikuwamva kale, ndinangoona apongozi aakazi akukwera atasenza nkhuni. Paja mkamwini sakumana nawo maso ndi maso, ndinapatukira pakatchire n'kunjuta. Pakatchirepo panali chitedze.

Iwo anatula nkhuni pomwepo kuti apume. Ine thupi lonse likuyaka moto, koma osakanda, osatsokomola. Ponyamuka m'pamene anandiona. Anayang'ana kumbali n'kuyankhula ngati akuuza mtengo: "Wina akawauze bambo a kunyumbawo kuti chitedze sasamba, amakhula ndi dothi."

Ndinabwerera osakhudza madzi. Amati ndi ulemu, sindikukana, koma ndatopa. Mayi amenewa ndawalimira zaka zonsezi, ndipo chomwe ndimachidziwa bwino pa iwo ndi zidendene zawo.