Agogo Amanunkhiza

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Mphunzitsi wina anandichenjeza kalekale za mdzukulu wanga Lonjezo: "Mayi, mwana uyu sadziwa kukana. Musaope omunyoza, opani omusekerera."

Lonjezo ndi mnyamata wamkulu tsopano, wamphamvu zake, koma mutu wake umagwira zinthu pang'onopang'ono. Aliyense womutchula kuti bwana amamuyesa m'bale wake. Anyamata ena a pa siteji ya kabaza kuno ku Chinamwali anazitulukira zimenezi. Ankamumwetsa mowa wa m'masacheti, kumusutitsa chamba, kenaka n'kumamuvinitsa akumujambula pa foni. Tsiku lina ndinamupeza ali gone m'ngalande atadzisanzira, anthu atamuzungulira akuseka. Pakati pawo panali mayi amene timakhala naye benchi imodzi kutchalitchi. Mpaka lero mano akewo sindinawaiwale.

Ndinayamba kumununkhiza m'kamwa madzulo aliwonse, n'kumamutsekera m'nyumba ngati mbuzi. Ankalira pawindo, ndikangopita kumsika iye n'kuthawa. Ndinapemphera mokwiya: Ambuye, ndikafa ine, ameneyu ndidzamusiyira ndani?

Yankho linadzera mwa munthu amene kale ndikanamuthira madzi otsukira mbale: a Chikopa, chidakwa chakale, amene amagulitsa mastroberi pamwamba pa phiri. Anapempha kuti Lonjezo aziwanyamulira dengu. Ndinavomera pakamwa pokha, ndinkawatsatira mobisala, miyendo yokalambayi ikulira. Ndinaona kuti njira yonse akumuphunzitsa chinthu chimodzi. Amamupatsira botolo lopanda kanthu kuti akane. Akalandira, ayambirenso. Tsiku ndi tsiku, osatopa.

Tsiku lina akutsika kuphiriko, anyamata aja anamuitana: "Bwana Lonje, tabwerani mudzalawe." Ine ndili kuseri kwa golosale. Lonjezo anaima, n'kuyang'anitsitsa kwa kanthawi sacheti imene ankamupatsa.

"Ayi, zikomo. Agogo amanunkhiza."

Anamuseka, iye n'kudutsa ndi dengu lake.

Mulungu alemekezeke. Inu amene muli ndi ana otere, musafooke. Loko wa pachitseko sanandithandize ine, chinathandiza n'kubwerezabwereza. Kununkhiza sindinasiye ayi, a Chikopa omwewo ndimawanunkhiza akamandipatsa moni. Koma maondo akutha, maso nawo ayamba chidima. Mukamadutsa ku Chinamwali muzipatuka mudzatione. Mubwere masana, munene odi muli pabwalo, ndipo musamutchule kuti bwana. Dzina lake ndi Lonjezo.