Kompyuta Iiwale, Koma Osati Sellina

Ku Maseya kunatentha moti mbuzi zinkalimbirana mthunzi wa mtengo wa nimu, ndipo kompyuta imene Priska anailumikiza yekha ndi zipangizo zakale za ku Limbe inasankha m'mawa womwewo kukana kuyaka. M'kati mwake munali chithunzi chokhacho chotsala cha malemu anti ake a Sellina, poti zapepala zinapita ndi madzi osefukira, ndipo Lorenso wosindikiza matisheti ku boma anali atanenetsa kuti chikapanda kumufika pokwana 12 koloko, anthu adzavala malaya opanda nkhope pamwambo wa chiliza Loweruka.

Malume ake a Geresomo, amuna a malemuwo, amene anakhala kapitawo wa mapampu kuminda ya nzimbe zaka makumi atatu, anaima kumbuyo kwake akupumira m'khosi mwake.

"Dinanso."

Priska anadina. Fani inazungulira, bokosi linalira pii, pii, pii, koma sikirini inangokhala bii.

"Waichita chiyani?"

"Ndinaithamangitsa."

"Anakutuma ndani?"

"Inu, malume. Dzulo munati chinthu changachi chikuyenda ngati ngolo ya ng'ombe imodzi, ndichithamangitse. Ndiye ndinauza pulosesa, kamene kamaganiza m'katimo, kuti kazithamanga kuposa liwiro limene anakapangira."

"Aa! Ine ndimangolankhula!"

"Munanena katatu."

A Geresomo anatuluka. Anabwerera ndi chikho cha madzi a mumtsuko, n'kuyamba kuzungulira bokosilo.

"Pothirira ndi pati?"

"Palibe."

"Makina onse ali ndi pothirira. Pampu ikalira chonchi yauma kukhosi. Umaimwetsa kaye, kenako imakoka yokha."

"Iyi ikamwa ifa."

"Kutentha konseku osamwa madzi? N'chifukwa chake yakomoka!"

Priska anaphimba bokosilo ndi manja onse awiri. Sankakonda kukangana ndi akulu, moti mawu ake anatuluka ang'onoang'ono, akuyang'ana pansi.

"Njira ilipo, malume. M'katimu muli kabatire kozungulira ngati batani la jekete. Ndikakachotsa kwa mphindi zisanu, kompyuta iiwala, kenako iyaka."

Chikho chinatera patebulo pang'onopang'ono.

"Itani?"

"Iiwala."

"Zonse?"

"Zonse zimene ndinaiuza."

"Nkhabe!" Anatsomphola sikuludiraiva patebulo n'kuiponya m'thumba la malaya. "Madzi ananditengera zithunzi, matenda ananditengera mwini wake, ndiye iwe mphwanga weniweni ukufuna kundichotsera kotsala komweka ndi kachitsulo?"

"Anti sali m'kabatire. Ali mu hadi disiki, mosungira zinthu. Ndi malo ena."

"Nyumba imodzi?"

"Imodzi."

"Wina aiwale, wina akumbukire?"

"Eya."

"Lumbira kuti Sellina sasowa."

Priska anaganiza mofatsa, poti sankalumbira zinthu zimene sakuzidziwa bwino.

"Sindingalumbire. Hadi disikiyo ndi yakale. Amene anandigulitsa anati ikhoza kufa tsiku lililonse."

"Mayo ine!"

"Koma ikhozanso osafa."

"Khala chete, ukuonjeza!"

Anakumbatira bokosilo, n'kuzula mawaya onse kamodzi, n'kutuluka nalo panja ngati akunyamula mwana wodwala malungo. Anathamangitsa mbuzi pansi pa nimu, n'kuliika pampando wawo wa ndalema. Priska anawatsatira atanyamula mbewa ya kompyuta imene inalibenso kolumikiza.

"Malume, ili 10 koloko."

"Ku esiteti makina otopa amapuma pamthunzi ola lathunthu. Ndipo satsegulidwa popanda pemiti."

"Pemiti imachokera kwa ndani?"

"Kwa kapitawo."

"Kapitawo ndi inu."

"Ndiye ndakana."

Priska analowa m'nyumba. Anabwerera ndi pepala long'amba m'kope, atalembapo bwinobwino ndi rula, n'kulipereka ndi manja awiri. A Geresomo analitalikitsa kumaso n'kuwerenga mokweza.

"'Ine Priska ndikupempha kutsegula makina.' Lipoti la ngozi lili kuti?"

"Ndalemba kuseri."

Anatembenuza. "'Choyambitsa ngozi: kapitawo analamula liwiro katatu.' Iwe! Fufuta ichi!"

"Ndilembe kawiri?"

"Lemba kuti dzuwa!"

"Dzuwa silinalankhule."

"Komanso palibe chidindo. Pemiti yopanda chidindo ndi kalata yachibwenzi."

"Chidindo chili kuti?"

"Ndinabweza popuma ntchito."

"Ndiye makinawa sangatsegulidwe mpaka liti?"

"Ukuona? Wayamba kumvetsa kayendedwe ka ntchito."

Anavula chipewa n'kuyamba kukupiza bokosilo. Mbuzi imodzi inabwerera, n'kununkhiza waya, iwo n'kuiopseza ndi phazi. Priska anakhala pamuzu wa nimu akuyang'ana mthunzi ukufupika. Ankaona m'maganizo mwake anthu makumi asanu ataima pamanda, aliyense ali ndi bwalo loyera pachifuwa pamene panayenera kukhala anti ake, ndipo onse akucheukira iye.

A Geresomo anagwada, n'kuyandikitsa pakamwa pa timabowo ta fani.

"Pepani, mayi. Tinalakwa kukufulumizitsani."

"Simukumveka, malume. Yazima."

"Ukuganiza kuti wokwiya samva? Amamva zonse, amangosunga."

"Ilibe magetsi."

"Sellina analinso chimodzimodzi. Ukangomuuza kuti fulumira tichedwa kutchalitchi, basi. Ankati hm, hm, hm, katatu ngati ameneyu, kenako zii. Masiku atatu nkhope ili bii."

"Ndiye munkatani?"

"Ndinkapepesa."

"Zinkathandiza?"

"Nkhabe."

"Madzi?"

"Ndinayesapo kumupatsa thobwa. Anandibwezera."

"Pamthunzi?"

"Ankakhala yekha pamthunzi womwewu, ine padzuwa."

Priska anatola kamtengo n'kulemba pansi, monga ankachitira pa masamu a Fomu 4. Kupepesa, ayi. Madzi, ayi. Mthunzi, ayi.

"Nanga ankayambanso bwanji kulankhula?"

"Ankangodzuka tsiku lina ataiwala. Umangomva, 'Bambo a kuno, tiyi wapsa.' Ngati palibe chinachitika."

"Ankaiwala chiyani?"

"Zopusa zimene ndinanenazo."

"Inuyo ankakuiwalani?"

"Ine? Akanandiiwala bwanji, ndikumudyera ndiwo tsiku ndi tsiku?"

"Ana ankawaiwala?"

"Ayi."

"Kumene anabisa shuga?"

"Kumeneko ndiye mpaka kumanda, sitinakupezebe."

"Ndiye ankaiwala za kufulumira zokha, zina zonse zili m'malo."

"Eya."

"Kabatire kamachita zomwezo."

Chipewa chinaima m'malere. A Geresomo anayang'ana bokosi, anayang'ana mphwawo, anayang'ananso mbuzi ngati ingawathandize. Kenako anapisa dzanja m'thumba, n'kutulutsa sikuludiraiva. Anatenga pemiti ija, ananyowetsa chala chachikulu ndi malovu, anachipaka dothi, n'kudinda pakona.

"Zikakhala zadzidzidzi chala chimaloledwa," anatero. "Koma kabatireko ndisunga ine."

Anabwerera nazo m'nyumba. Priska anamasula chivundikiro, anakankha kachitsulo ndi chikhadabo, kabatire n'kudumpha. Malume ake anakawakha m'chipewa, n'kukaphimba ndi dzanja ngati kamwanapiye.

"Mphindi zingati?"

"Zisanu."

"Sellina ankatenga masiku atatu."

"Lorenso satipatsa masiku atatu."

"Yaiwala tsopano?"

"Zatha ziwiri."

"Usaiyang'anitsitse choncho, ikumbukira."

Priska anatembenukira kukhoma, poti anauzidwa. Anakhala choncho onse awiri, atafulatira kompyuta, akuyang'ana kalendala ya kusitolo ya mbewu, mpaka mphindi zinakwana. Anabwezera kabatire, analumikiza mawaya, n'kupukuta thukuta la m'manja pachitenje.

"Dinani ndinu, malume."

"Ine ndi amene ndinaikwiyitsa. Dina iwe."

Anadina. Fani inazungulira. Bokosi linati pii, kamodzi kokha. Sikirini inaphethira, n'kuwala.

"Tiyi wapsa!" anakuwa a Geresomo, chipewa chili m'mwamba.

Priska sanaseke. Anatsegula mosungira zithunzi. Kompyuta inkayenda pang'onopang'ono ngati kale, ndipo palibe anaiuza kuti ifulumire. Kenako anti ake anatulukira, atavala duku la chigwirizano cha amayi, diso limodzi litatsinzinira dzuwa, pakamwa pali ngati akufuna kufunsa wojambulayo kuti amaliza liti. Mwachangu Priska anakopera chithunzicho mu fulashi, n'kuimangirira pamfundo ya chitenje.

A Geresomo anali atakhala pansi osadziwa kuti akhala. Anakonza kolala ya malaya.

"Takhuta, mphwanga," anathokoza motsitsa. Kenako analoza pakona ya sikirini. "Nanga tinambala iti?"

"Ndi tsiku. Ikuti lero ndi 1 Januwale 2012."

"Yapenga?"

"Ayi. Ukachotsa kabatire imaiwalanso tsiku, imabwerera chaka chimene inapangidwa. Ndikonza pompano, kenako ndikwere kabaza. Ikadali 11 koloko, ndikafika."

"Dikira." Anamugwira dzanja. "Mu 2012 madzi aja anali asanabwere."

"Anali asanabwere."

"Sellina anali moyo."

"Anali moyo."

"Ndiye m'bokosi umu, panopa, Sellina ali kumsika wa ku Dyeratu akukangana ndi ogulitsa mphasa."

"M'bokosimu mulibe msika, malume. Ndi wotchi chabe yasokonekera."

"Kuchotsa kamodzi, zaka khumi ndi zinayi zonsezi?"

"Eya, koma..."

Priska anali atafika kale pakhomo, dzanja lili pamfundo ya chitenje, pamene anamva chitsulo chikugogoda patebulo. Atacheuka anaona malume ake, amene m'mawa wonse anateteza kabatire kaja ngati mwana wawo, akumulozetsa sikuludiraiva, chipewa atachitchera kale m'munsi mwa bokosi.

"Lorenso adikire. Kachotsenso kawiri, mphwanga, tifike 1984 ndikamufunsirenso. Ulendo uno sindimufulumizitsa."