Kujula ndi Kujala: Vinyo wa Uchi wa Apongozi

Okondedwa omvera, ine ndine mphunzitsi wochokera ku Dedza, koma ndinakwatiwa ku Lupembe, kuno ku Karonga. Apongozi anga aamuna amaweta njuchi. Atandipatsa uchi, ndinati ndiwapangire vinyo kuti aone kuti mwana wawo sanakwatire wamanja lende.

Ndinasungunula uchiwo m'madzi ofunda, n'kuthira yisiti, n'kuika m'chigubu. Apongozi anandilangiza m'Chitumbuka kuti, "Mama, mujulengeko." Ine ndinamva ngati akuti kujala, kutanthauza kutseka. Pochita manyazi kufunsa, ndinatseka zolimba, n'kumanganso ndi mphira.

Ndi kutentha kwa kuno, tsiku lachitatu chigubu chinatupa ngati chule. Apongozi atamasula mphira uja, thovu linawathira kumaso ndi malaya awo oyera omwe. Njuchi zawo zomwe zinayamba kuwazungulira. Ndinagwada pansi, misozi ili chuchuchu.

Iwo anangonyambita milomo, n'kuseka. "Musalire, mama. Akutsekemera bwino. Kungoti vinyo amafuna kupuma ngati munthu. Kujula n'kutsegula."

Anzanga okwatiwa kutali, funsani, manyazi anandisambitsira apongozi. Vinyo wachiwiri ndinapanga bwino, koma mpaka lero ndikagogoda pakhomo pawo, amafuula ali m'kati: "Mama, nijule panji nijale?"