Kwaya Inali ku Situdiyo

Basi itachedwa, mtsikana wina pa siteji anatsegula nyimbo pafoni n'kumaimba nawo. Mayi amene anakhala naye pabenchi anapirira ndime imodzi yokha.

"Achemwali, zimitsani nyimboyo, chonde."

"Bwanji amayi? Ndi yatsopano, ya kuuka kwa akufa. Lamlungu tikaimba kutchalitchi kwathu."

"Ndikuidziwa. Kwathu ankaitsogolera ndi mwana wanga."

"Panopa anasiya?"

"Tinamuika m'manda mwezi watha."

"Pepani amayi, sindimadziwa. Koma poti anali wakwaya, anzake anamuperekeza bwino."

"Anzake ati? Tsiku loika maliro anali ku situdiyo, kujambulitsa nyimbo yomweyo. Akuti tsikulo anali atapatsidwa kale, silikanasinthika. Anangotumiza nkhata yamaluwa."

"Nanga kumanda anaimba ndani?"

"Bokosi lili pambali pa dzenje, anthu ankangoyang'anana. Ndinapukuta misozi n'kuyambitsa ndekha nyimbo ya m'buku. Mayi wake ine, kuyambitsa nyimbo."

"Limbani mtima amayi, adzauka ndithu."

"Kuuka adzauka, sindikukana. Koma inu a kwaya, musanaimbe za kuuka, muziyamba mwaphunzira kuika munthu."