Nyimbo za Ana Athu, Bokosi Lathu

Pamzere wogula mankhwala m'sitolo ina mumzinda wa Toledo, wailesi ya nyimbo zakale za roko, chamba cha magitala aphokoso, inkamveka kuchokera kudenga. Bambo wina wa imvi, wovala jekete lachikopa, anacheukira mayi amene anali kumbuyo kwake.

"Mayi, mukuimva iyi? Ati nyimbo yakale! Si ija mwana wanga ankatisokosa nayo kuchipinda?"

"Zathu zija a wailesi anazitaya kalekale, bambo. Akuti gitala akalira nthawi yaitali, anthu amathawa."

"Anthu ake ati? Inetu a wailesi imeneyi ankandiitana kuhotela chaka chilichonse. Ankatiikira nyimbo iliyonse pang'ono, ife n'kumanena kuti iyi ikhale, iyi ichoke."

"Nanga pano?"

"Chaka chino anandiimbira foni n'kuyamba kufunsa zaka zanga. Nditangotchula, basi, 'Zikomo agogo,' foni n'kudula."

"Ndi choncho. Otsatsa malonda safuna nkhalamba."

Nyimbo ija inatha, ndipo mawu ofatsa anayamba kutsatsa mabokosi a maliro.

"Mukuti satifuna? Tamverani!"

"Aa, ndinalakwa, bambo. Akudziwa kuti tikumvetserabe. Angodikira kuti tizime tokha."