Kapu ya Pazenera

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ndine Yohane wa ku Mitundu, ndimasamala maluwa panyumba ina ku Area 10. Pagulu sinditha kulankhula, nchifukwa chake ndalemba. Ndikufuna kukuuzani za matenda amene anandipeza patapita nthawi magetsi atandigwira.

Tsiku lina ndikuthirira kapinga, ndinagwira waya wosupuka wa pampu manja ali onyowa, ndipo anandiponya pansi. Nditadzuka ndinangoona kabala pachikhatho. Madamu, eni nyumba, atandifunsa ndinati ndili bwino, poti ndinali watsopano ndipo sindinkafuna kuoneka wovuta. Kabala kanapola, nkhani ndinaiiwala.

Dzinja litadutsa, zala zinayamba kuchita dzanzi. Mutu unkalemera, ndipo akandituma ndinkaiwala ndisanafike pageti. Kenaka ndinagwa kuseri kwa nyumba nkuyamba kuphupha. Alonda ndi amayi ophika anati ndi matenda a khunyu, amapatsirana ndi malovu. Anatenga mbale ndi kapu yanga nkuziika pazenera la shedi. Kuyambira pamenepo ndinkadya ndekha pakati pa makasu, ndikumva anzanga akuseka kukhitchini. Kumudzi sindinaimbe foni, ndinkadziwa kuti amayi anga anena kuti andilodza nkundiitanitsa, ntchito nkutha. Kuchipatala ndinapitako, koma za magetsi sindinatchule, poti bala linali litapola kalekale. Pemphero langa linali limodzi, loti Ambuye andiuze chimene chikundidya.

Pampu ija itafa, anaitana Che Saidi, bambo wachisilamu wa ku Old Town wokonza zamagetsi. Kunkatentha, ndipo anatenga kapu ya pazenera kuti atunge madzi pampopi.

"Pepani bambo, imeneyo ndi yanga. Ine ndimagwa," ndinatero.

Anandiyang'ana, nkumwa madzi onse. "Matenda amenewo sakhala m'kapu, mwana wanga."

Pondipatsira kapuyo anaona chipsera pachikhatho, nandifunsa ngati pampu ija inandilumapo. Nditavomera nkuwafotokozera zimene ndinkamva, anapinda malaya nkundionetsa chipsera chawo cha magetsi pamkono. Anati iwonso dzanzi ndi kuiwalaiwala zinawayamba mochedwa, bala litapola. Anandiperekeza okha kuchipatala, nandiuza kuti ndisabise kanthu.

Adokotala atamva za magetsi anandiyeza bwinobwino. Anafotokoza kuti magetsi amatha kuvulaza ubongo ndi mitsempha, zizindikiro nkudzaonekera pambuyo pake. Anandipatsa mankhwala, ndipo chiyambireni kumwa sindinagwenso. Dzanzi likadalipo pang'ono, kuiwalanso sikunatheretu, koma ndikudziwa chimene ndikulimbana nacho. Madamu nditawauza zonse, sanandichotse ntchito.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene sitipemphera naye limodzi. Inu amene mukudwala muli nokha, musafooke, ndipo musamati muli bwino pamene simuli bwino. Dzulo masana ndinapita kushedi kukatenga kapu yanga, ndinapeza palibe. Amayi ophika anandiitana kukhitchini, ndinaipeza pathebulo pakati pa zinzake, atathiramo kale tiyi.