Anawatsegulira Chitseko Ali mu Mdima

Anamalira nonse, malemu achemwali athu anabadwa pa 9 Okutobala 1961, m'nyumba ya lendi kuseri kwa siteshoni ya sitima. Anali achisamba m'banja la ana anayi. Bambo athu ankagwira ntchito ya njanji. Tinkangosamukasamuka. Sukulu achemwali anayambira kwina, n'kukamalizira kwina.

Mu 1981 anapita ku yunivesite. Basi inawatsitsa usiku, mumzinda woti sanaupondepo, sutikesi ili pamutu. Anagona pabenchi ya alonda. Ankaseka kuti ubwenzi wawo ndi mdima unayambira pamenepo.

Mu 1986 analowa ntchito ya kafukufuku wa maso a nsomba. Ambirife sitinkaimvetsa. Alamu athu, amene anamanga nawo banja mu 1989, ankauza alendo kuti anakwatira mkazi wogula nsomba n'kusiya mnofu. Ogulitsa kumsika anawatcha Amaso. Dzinalo linakakamira.

Ankasenda kachikopa ka mkati mwa diso, kopyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kukayala pa kagalasi, n'kuwerama pa maikulosikopu. M'kachikopamo muli timaselo tolandira kuwala. Tina n'towonda ngati timitengo. Timeneto n'ta usiku. Tina n'tonenepa, tosongoka. Timeneto n'ta masana, ndipo tambiri timakhala tiwiritiwiri, togundana. Achemwali ankatitcha timapasa. Kukada, ta masana timabwerera m'mbuyo, timitengo n'kusendera kutsogolo. N'chifukwa chake nsomba ankayamba aisunga m'chipinda cha mdima, muli kanyale kofiira kokha. Lamulo linali limodzi. Mnzako ali mkati, chitseko sutsegula. Ukatsegula, timaselo tasuntha, ntchito yafa.

Mu 1993 kunabwera bambo wina wodzagwira nawo ntchito. Anagwirizana mpaka anthu anawatcha Mapasa. Bamboyo ankadya pakhomo pa achemwali. Ana ankawatchula kuti amalume.

Mu 2016 maso a achemwali anayamba kuchita chifunga. Anali matenda a shuga. Sanauze ngakhale alamu. Anauza mnzawoyo yekha, m'chipinda cha mdima muja, n'kupempha kuti asunge pakamwa mpaka atamaliza buku limene ankalemba awiriwo. Iwo analonjeza. Sabata isanathe, akuluakulu anali atamva. Lolemba lake kiyi wa achemwali anakana kulowa. Loko anali atasinthidwa. Anatuluka ndi mabokosi a timagalasi tawo basi, alonda atawathandiza kunyamula.

Bukulo linatuluka mu 2019. Achemwali anapempha mwana wawo wamkazi kuti awawerengere mayina a pachikuto. Anawerenga. Linali dzina limodzi, la mnzawo uja. Anamuuza kuti awerengenso bwinobwino, mwina wadumpha mzere. Sanadumphe.

Pofika 2021 sankaonanso n'komwe. Ife tinkafuna kukafunsa bambo uja. Anatiletsa. Sanatukwane munthu, si khalidwe lawo. Ankangoti ta masana ndi momwe tilili, kukada timabwerera. Kenako ankawonjezera kuti komatu timapasa tenitenito timabwerera limodzi, sitisiyana. Amalume a ana aja sanapondenso pakhomo. Amene ankabwera ndi mayi wina, wophunzira wawo wakale. Loweruka ankafika ndi maikulosikopu yobwereka, n'kumanena zimene akuona, achemwali n'kumamukonza ali chigonere.

Anagonekedwa m'chipatala mu Febuluwale chaka chino. Impso zinali zitatopa. Anatisiya pa 2 Epulo, dzuwa litangotuluka.

Dzulo kunafika galimoto ya kuntchito kwawo kwakale. Inabweretsa nkhata ya maluwa, yaikulu kuposa zonse mukuzionazi. Dalaivala anali atatumidwanso kuti abwerere ndi mabokosi aja. Si mlandu wake, tinam'patsa mpando. Nkhata talandira, zikomo. Mabokosi ayi. Malemu ananeneratu, alamu ali pomwepo, kuti apite kwa wophunzira wawo. Amene anatuma dalaivala, eni dzina la pachikuto lija, ali pano. Amva okha.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, adzukulu atatu, ndi ife alongo awo. Tikuthokoza anamwino a ku wodi ya impso, anansi amene ankawagwira dzanja powoloka msewu, ndi alonda aja amene anawathandiza kunyamula mabokosi. Ogulitsa nsomba mwatseka mabenchi anu lero n'kubwera. Takuonani.

Mawa m'mbandakucha mabokosi anyamuka pa basi yoyamba, ali pamiyendo pa mwini wake watsopano. Wofuna kuwaona akafike, akagogode, adikire.

Achemwali athu Amaso, tikukutsekerani chitseko tsopano. Palibenso adzatsegule. Usani mumtendere.